Timagiya ta Wotchi ya Bambo Gaspar

Mnzanga iwe, wabwera? Khala pompo, mamega ako asathere pa mavidiyo a amphaka. Ndikudziwa sunandikhululukire za tsiku lija ndinakuuza kuti shapa, minibasi ija ya ku Lichinga, ikunyamula anthu ulere, iwe n'kuthamangira kokwerera ndi chikwama kumutu. Lero sindikukunamiza. Ukafuna kuseka, sekera koyambirira kuno, chifukwa kutsogoloku kuseka kulibe.

Linali Lachinayi, mu msika wa Mandimba. Florência anali atakhuthula jumbo lake pa tebulo la Nordino, uja amakonza mafoni pafupi ndi ogulitsa matayala a njinga.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa Nordino, akuchinyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Magalasi a owotcherera zitsulo. Ndawapaka utoto wa mkuwa m'mbalimu."

"Nanga ichi?"

"Tcheni cha njinga. Panopa ndi lamba."

"Makiyi awa ndi a nyumba ya ndani?"

"Ndi ndolo zimenezo, a Nordino. Musandichedwetse."

"Mana, chemwali wanga, ndiuzeni zoona. Mukupita ku chionetsero cha zovala kapena mukukatsegula galaja?"

Florência sanaseke. Anali telala, wa zaka makumi awiri ndi zinayi, makina ake pakhonde la sitolo ya mwenye wina. Tsiku ndi tsiku amayi ankabwera ndi kapulana, chitenje chija, n'kumuuza kuti, "Undisokere ngati ya uje." Bulauzi yomweyomweyo, manja omwewo, chaka chachisanu. Ndiye tsiku lina pa foni anaona kavalidwe kena kamene amakatchula sitimupanki: majekete othina m'chiuno, zipewa zazitali, mkuwa, matcheni, magiya, zonse ngati za nthawi ya sitima zamalasha. Iye anabadwira m'mphepete mwa njanji ku Cuamba, fungo la girisi analidziwa asanadziwe la sopo. Anati izi azunguwa akungosewera nazo, eni ake ndife.

Loweruka lomwelo ku Cuamba kunali chionetsero cha atelala achinyamata. Atatu opambana akawatenga ku Nampula kukaphunzira miyezi isanu ndi umodzi. Kwa Florência, khomo lotulukira pakhonde lija linali limeneli, lina panalibe.

Jekete anali atasoka kale, ya kapulana yofiirira, mabatani a mkuwa awiriawiri mpaka pakhosi. Chipewa chachitali anachiumba ndi katoni n'kuchikuta nsalu yakuda. Chimene chinkamusowetsa mtendere chinali kutsogolo kwa chipewacho. Pankafunika timagiya. Anayesa kudula zitsekerero za mabotolo, kuzisema mano, kuzipaka utoto. Atajambula, pa chithunzi zinaoneka zitsekerero za mabotolo.

"Timagiya tenitenito simungatipeze m'mawotchi a masiku ano," anatero Nordino. "Awa m'kati muli pulasitiki ndi batire basi. Pezani wotchi yakale, ija yopukusa ndi dzanja. Muli nayo?"

M'Mandimba monse Florência ankadziwa wotchi imodzi yokha yotero, ndipo inali m'thumba la bambo ake.

Bambo Gaspar anagwira ntchito ya ulonda wa njanji zaka makumi atatu ndi chimodzi, pamalo pamene msewu umadutsa njanji kunja kwa Cuamba. Zida zawo zinali zitatu: mbendera yofiira, kawenzulo ka mkuwa kamene iwo ankakatchula apitu, ndi wotchi ya m'thumba ya tcheni. Mkazi wawo atamwalira, sitiroko inawagwetsa. Anadzuka pakamwa patapotoka, ndipo mutu unabwerera ku njanji osabwerako. Mlongo wawo, Titiya Regina, anawatenga pamodzi ndi Florência kudzakhala ku Mandimba.

Tawuni ya Mandimba ilibe njanji, ukudziwa iwe. Koma Bambo Gaspar zimenezo sizinkawakhudza. M'mawa uliwonse ankapukusa wotchi, kuiika kukhutu, kuvala jekete yawo yakale, n'kukakhala pa mpando pageti. Ikakwana 12 koloko ndi mphindi khumi ankaimirira, kukweza mbendera, kudikira sitima imene ankaiona okha, n'kutsitsa.

"Yadutsa," ankatero.

Akatero m'pamene ankavundukula mbale imene Titiya Regina anawasiyira, kudya, n'kumwa mapiritsi awo. Isanadutse, ngakhale madzi sankalawa. Ankati mnzawo wina anachoka pamalo kukadya chinangwa, sitima n'kupha ng'ombe zinayi ndi mwini ngolo. Kuyambira pamenepo, mlonda sadya sitima isanadutse.

Ndiye ona apa. Wotchi ija ndi imene inkawadyetsa. Chifukwa cha iyo Titiya Regina ankatha kuwoloka malire m'mawa kukagulitsa ku Chiponde, Florência n'kumasoka kumsika, mkulu uja n'kumadzisamalira yekha. Apitu yokha ndi imene inawakanika kuimba ndi pakamwa popotoka paja, choncho anaipatsa Florência. Iye anaiika pa tcheni, n'kukhala mkanda wa chovala chake.

"Tsiku limodzi lokha," anatero Florência Lachisanu masana, akuika wotchi pa tebulo la Nordino. Anali ataitenga bambo ake akugona, sitima ya tsikulo itadutsa. "Lamlungu mubwezeretse zonse momwe zinalili. Mungathe?"

"Mana, mukundinyoza. Ine ndimatsegula foni ya tizisikuluwu makumi anayi, n'kuitseka ikuimba nyimbo. Ka wotchi ka atsamunda kangandivute? Inu muzingojambula chilichonse ndikachotsa."

Anaitsegula kumbuyo ndi mpeni. M'kati munali mokongola moti onse awiri anayamba angoyang'ana. Timagiya ta mkuwa, tina ngati njere ya mapira, timiyala tofiira, zonse zikuyenda mwakachetechete. Florência anatsala pang'ono kunena kuti tsekani. Koma anaona chipewa chake chili pambali, n'kuona momwe chidzaonekere.

Nordino anamasula sikuluwu yachitatu. Kanthu kena kanati phwii, kuuluka. Kanali kawaya kopyapyala ngati tsitsi, kopindidwa mozungulira. Kanagwera pansi penapake, pakati pa fumbi, makoko a mtedza ndi mapazi a anthu.

"Chimene chija n'chiyani?"

"Kamene kaja n'kosafunika kwenikweni," anatero Nordino, koma maso ali pansi. "Ndikasesa madzulo ndikapeza."

Timagiya tikulutikulu Florência anatisokerera ndi ulusi. Ting'onoting'ono singano sinkalowa, ndiye Nordino anatulutsa guluu uja amamatira magalasi a mafoni. Chikhokhombe cha wotchi anachitseka bwinobwino, nkhope yake ndi mivi zili m'malo, Florência n'kukachibwezera m'thumba la jekete bambo ake asanadzuke. Anadziuza kuti Loweruka Titiya amakhala pakhomo, awanyengerera adya. Tsiku limodzi silipha munthu.

Titiya Regina anachiona chipewacho Loweruka m'mawa, Florência akutuluka.

"Tizitsulo iti wazitenga kuti?"

"Kwa a Nordino."

"Uoneka ngati wailesi yophwasuka. Ukapeze mwamuna kumeneko, mwina makanika angakukonde." Anamupatsira chinangwa chophika m'kapepala. "Pita. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere."

Ku Cuamba, mnzanga, chipewa chija chinagwira ntchito yake. Anzake anabwera ndi madiresi a ukwati ndi masuti a kapulana, zokongola ndithu, koma zoonedwa kale. Florência atatulukira, magalasi pamphumi, apitu pakhosi, timagiya tikuthwanima, holo yonse inayamba yati zii. Kenako ana a anthu a njanji amene anakhala kumbuyo anayamba kuimba mluzu ngati sitima. Mayi wina wa oweruza anamuitana pafupi, kuyang'anitsitsa chipewa.

"Izi ndi zenizeni," anatero mayiyo. "Ena amamata mapepala. Iwe wadziwa kusankha."

Dzina lake linatchulidwa lachiwiri mwa atatu aja. Anamuuza kuti akafike ku Nampula Lolemba linalo, pakapita sabata yathunthu. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Akutuluka m'holomo, foni inalira.

"Wotchi ya bambo ako yatani?" Anali Titiya Regina, opanda moni.

"Yatani bwanji?"

"Usandiyankhe ndi funso. Apukusa m'mawa, chopukusira chikungozungulira. Aika kukhutu, zii. Chikhalireni pageti, sanadye, sanamwe, mapiritsi akana. Ndasuntha mivi ndekha kuika pa 12 ndi khumi, andiyang'ana ngati ndine wakuba. Akuti wotchi yakufa siyendetsa sitima."

"Auzeni kuti yadutsa, Titiya."

"Ndawauza kasanu. Akuti wotchi ikafa mlonda saganizira, amadikira apitu ya shefi, bwana wa siteshoni. Ndabwereka wenzulo kwa aphunzitsi a mpira, ndaimba kuseri kwa nyumba mpaka chifuwa kuwawa. Akuti ana akusewera bola." Anapuma kaye. "Florência, tizitsulo tija ta pachipewa."

Florência anadula foni.

Shapa za ku Mandimba zinali zitatha, choncho anagona kwa mnzake. Lamlungu m'mawa, m'malo mothamangira kwa Nordino, anapita kuseri kwa siteshoni kwa a Sulemane, mkulu amene ankakonza mawotchi a anthu a njanji kalekale. Anawapeza pakhonde akusenda nzimbe, chifukwa mawotchi oti akonze kunalibenso. Anawapatsa chipewa.

A Sulemane anavala kagalasi ka diso limodzi. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Iyi ndi wotchi ya Gaspar," anatero.

"Mwadziwa bwanji?"

"Kagiya aka ndinakasema ndekha chaka cha madzi osefukira, kake katathyoka. Gaspar wamwalira liti, osandiuza?"

"Ali moyo."

Mkuluyo anachotsa kagalasi kaja n'kumuyang'ana. Florência akanakonda akanangomutukwana.

"Ndimafuna muibwezeretse, agogo. Zithunzi ndili nazo, chilichonse tinajambula."

"Zithunzi." Analoza ndi kansonga ka mpeni. "Apa guluu walowa m'mano. Ukamatula, mano atsala pachipewa. Aka kamtengo kake kathyoka, onani. Nanga kawaya kopyapyala kaja kali kuti?"

"Kanagwa. Anati n'kosafunika kwenikweni."

"Ndani?"

"Wokonza mafoni."

A Sulemane anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Kamene kaja ndiye mpweya wake. Amene ankapanga zimenezi anafa. Amene ankagulitsa anafa. Ine ndatsala pang'ono, ndipo manjawa akunjenjemera. Mwana wanga, madzi akatayika saoleka." Anamubwezera chipewa ndi manja awiri. "Koma chakongola. Zimenezo sindingakunamize."

Mu shapa munali modzaza ngati masiku onse, matumba a chimanga, nkhuku, munthu pamwamba pa munthu. Chipewa cha katoni sichikanapulumuka m'jumbo, ndiye anachivala kumutu, jekete nayo anaivala. Kondakitala anamufunsa ngati ali wa gulu la oimba. Mayi wina anasuntha mwana wake kumuchotsa pafupi naye. Panjira Nordino anatumiza uthenga: wasesa kawiri, sanakapeze, koma ali ndi wotchi ina yabwino ya batire, yowala mumdima.

Anafika ku Mandimba dzuwa litapendeka. Anatsika pa njinga ya kabaza patali pang'ono ndi nyumba, chifukwa miyendo inafuna kuyenda yokha.

Bambo Gaspar anali pageti. Tsiku lachiwiri. Milomo itauma mbee, mutu ukugwera pambali, mbendera ili pamiyendo. Titiya Regina anaima pambali pawo ndi ambulera, mbale ya mpunga ndi nyemba ili pansi, ntchentche zikuizungulira. Florência anali atakonza mawu njira yonse. Ankati agwada, anene zonse.

Bambo ake anadzutsa mutu. Anaona mabatani a mkuwa, chipewa chachitali, apitu pachifuwa. Anagwira geti, kudzikoka mpaka kuimirira, mawondo akugwedera. Dzanja lawo labwino linapita pamphumi.

"Shefi," anatero. "Wotchi yafa, shefi. Koma pamalo sindinachoke."

Florência anatsegula pakamwa. Koma bambo ake anali asanamalize.

"Ndinkaisamala," anapitiriza mkuluyo, mawu akutuluka mbali imodzi. "Tsiku lililonse ndinkaipukusa. Sindikudziwa chimene ndalakwitsa. Musandichotse ntchito, ndili ndi mwana wamkazi."

Titiya Regina anayang'ana kumbali.

Ali wamng'ono, Florência ankapita kukawapatsira bambo ake chakudya kunjanji, ndipo ankamva momwe shefi ankaimbira kuchokera kusiteshoni: kamodzi kotalika, kawiri kofupika, kenako kupuma, n'kumaliza kotalika. Anatenga apitu ija, imene dzulo lake anthu ankaijambula, n'kuiika pakamwa. Anaimba.

Bambo Gaspar anawongoka. Anakweza mbendera. Wa kabaza wina amene ankadutsa anaima, mwina mwa ulemu, mwina podabwa chipewa. Mutu wa mkuluyo unayenda pang'onopang'ono kuchokera kumanzere kupita kumanja, milomo ikuwerenga mabogi. Anawerenga khumi ndi asanu ndi atatu. Anatsitsa.

"Yadutsa."

Anakhala pansi, kusamba m'manja, n'kuyamba kudya mpunga wozizira uja. Atamwa madzi anayang'ananso m'mwamba.

"Chipewa chabwino, shefi," anatero. "Chatsopano?"

Sabata imeneyo anayesa zonse kuti mkuluyo azidya ngakhale Florência atachoka. Lolemba anawapatsa wotchi ya Nordino ija. Anaitembenuza, kufuna popukusira, osapapeza, n'kuibweza. "Ilibe mtima iyi." Lachiwiri Titiya Regina anayesa kuvala jekete. Inakana kutseka, mabatani awiri anathothoka, chipewa chinakhala pamwamba pa duku ngati chidebe. Anaimba apitu momwe Florência anawaphunzitsira.

"Regina," anatero Bambo Gaspar, "vula zovala za boma, akumanga."

Lachitatu anabwera Nordino mwiniwake, nkhope ili yamanyazi, kuti mwina shefi wamwamuna amveka bwino. Mkuluyo anamufunsa nambala ya sitima ya masana. Nordino anati seveni. Anamuthamangitsa ndi mtengo wa mbendera. Tsiku limenelo sanadye mpaka Florência atavala yekha.

Lachinayi Florência anayesa kuwauza zoona. Anapita opanda jekete, anagwada, n'kunena kuti, "Papa, wotchi yanu ndinaphwasula ndine."

Anamusisita kumutu. "Iwe ungaphwasule wotchi, kamwana iwe? Pita ukathandize amayi ako. Shefi akubwera, asakupeze panjanji."

Madzulo ake Titiya Regina anakhala naye pakhonde akusankha nyemba. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo n'zimene zinapweteka.

"Ku Nampula akufuna Lolemba, eti?"

"Ee."

"Miyezi isanu ndi umodzi."

"Ee."

"Masiku awiri okha anatsala pang'ono kutisiya. Ine sindikukuletsa. Ndinawanyamula pamsana bambo akowa pothawa nkhondo ali mnyamata wovulala mwendo, ndingawanyamulenso kupita nawo kumanda. Koma shefi akumudziwa ndi mmodzi." Anataya kamwala kunja. "Unasankha bwino tizitsulo tako. Aliyense akutero."

Mayi wa ku chionetsero uja anaimba Lachisanu, anaimbanso Loweruka. Florência ankangoiyang'ana foni ikulira pa makina osokera. Lamlungu analemba uthenga wautali, anaufufuta, n'kulemba waufupi: sindibwera, mupatse wina. Malowo anapatsa mnyamata wa ku Ngauma amene anasoka suti ya matumba a ufa.

Timagiya tija sanatichotse pachipewa. A Sulemane ananena kale, ukamatula mano atsala. Ndiponso shefi wopanda chipewa, ndani angamumvere?

Panopa ukapita ku msika wa Mandimba, pakhonde la sitolo ija, umupeza akusoka bulauzi ngati ya uje. Ikamakwana 12 koloko amaimitsa makina, ngakhale msoko uli pakati. Amavala jekete m'dzuwa limenelija, lamba wa tcheni, magalasi pamphumi, chipewa. A kabaza anasiya kumuseka. Amangoti, "Shefi, tiyeni, sitima ichedwa," n'kumukweza. Nordino akamuona akudutsa amapeza chochita pansi pa tebulo. Akuti mpaka lero amasesabe.

Pageti bambo ake amaimirira, kuchita sawatcha. M'mawa uliwonse amapukusabe chikhokhombe chija, kuchiika kukhutu, n'kupukusa mutu. Ndipo tsiku lililonse, sitima ikadutsa, asanavundukule mbale, amapepesa.

"Wotchi ija, shefi. Sindikudziwabe chimene ndinalakwitsa."

"Palibe chimene munalakwitsa, a Gaspar," amatero Florência. "Idyani."

Ndiye ndi imeneyo. Ndinakuuza kuti kutsogolo kuseka kulibe, sunandikhulupirire chifukwa cha shapa ija. Tsopano nawe tandiuza m'munsimu: kwanu unaphwasulapo chiyani cha akuluakulu uli ndi mtima woti ubwezeretsa Lamlungu? Usandinamize kuti palibe. Wailesi ya atate ako ija sinafe yokha.